Chuma cha masiye: zolemba za ulendo wanga wa ku Poland

Lolemba, Warsaw

Ndafika bwino, abale. Mwana wa mchemwali wanga, amene akuphunzira uinjiniya ku Łódź, wandichingamira pabwalo la ndege atanyamula chijekete m'manja. "Amalume, valani ichi. Lanulo ndi la mphepo ya ku Dedza, kuno silithandiza." Ndinafuna kutsutsa, koma chitseko chotulukira panja chitangotseguka ndinavala mwakachetechete.

Anthu akabwera ku Ulaya amafuna kujambulitsa pa nyumba za mafumu. Ine ndamuuza mnyamatayu kuti andiperekeze ku mafakitale, makamaka amene anatsekedwa. Wandiyang'ana ngati wina wandilodza. Koma chifukwa ndili nacho. Bambo anga, omwe ndi agogo ake, anakonza makina kwa zaka zoposa 20 pa fakitale ina ya boma ku Blantyre. Itagulitsidwa anabwera kunyumba ndi envelopu imene sinaone Khirisimasi yachiwiri, ndipo kuyambira pamenepo anali munthu wongokhala pakhonde ndi wailesi. Ine ndakalambira pa ntchito yowerengera ndalama, koma masamu a envelopu ija sanandikhalebe bwino mumtima. Kwathu sikunali chikomyunizimu, Kamuzu sankafuna n'kumva komwe dzina lake. Komabe mankhwala amene tinamwetsedwa m'ma 1990, ogulitsa makampani a boma, anachokera m'botolo lomwelo limene Poland inagugudiza nthawi imodzi. Ndiye ndabwera kudzazonda wodwala mnzathu.

Masana tayenda wapansi mpaka pamphambano pomwe anadzikapo mtengo wa kanjedza wochita kupanga. Pambali pake pali chinyumba choyererako, cholemera maonekedwe, chimene amachitcha Dom Partii, nyumba ya chipani. Umu ndi mmene munali likulu la PZPR, chipani cha chikomyunizimu chimene chinadzithetsa chokha mu Januwale 1990. Pa 16 Epulo 1991, m'nyumba yomweyo, anatsegula msika wa masheya. Tsiku loyamba panali makampani asanu okha, onse otuluka m'manja mwa boma: Tonsil ya masipika, Próchnik ya zovala, Krosno ya magalasi, Kable ya mawaya ndi Exbud ya zomangamanga. Zili ngati kutsegula bala m'nyumba ya abusa sadaka isanachitike. Msikawo unasamuka mu 2000, ndipo patapita zaka pansi pake panadzatsegulidwa malo ogulitsira magalimoto a Ferrari.

Chamadzulo tadya mu bar mleczny, malo odyera otsika mtengo otsalira a nthawi ija. Umatenga thileyi, umaima pamzere, mayi wa pakauntala sasekerera munthu. Ndadya supu wofiira wa bitiruti ndi pierogi, timitanda ta ufa wa tirigu toikamo mbatata ndi tchizi. Kumanja kwanga kunali agogo aamuna akuwerenga makobiri, kumanzere bambo wa suti ndi laputopu. Mnyamata wanga akuti mpaka lero boma limathirapo ndalama pa zakudya zopanda nyama m'malo amenewa. Zitsulo ndi matelefoni linagulitsa, supu linamukakamira.

Lachiwiri, Warsaw

Tulo tandivuta, choncho ndachezera kuwerenga za munthu amene dzina lake limayambanitsabe anthu kuno, Leszek Balcerowicz. Anali nduna ya zachuma m'boma la Tadeusz Mazowiecki, ndipo malamulo ake anayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 1990. Mitengo yambiri anaimasula, ndalama zimene boma linkathira m'makampani ake anazidula, malire anawatsegulira katundu wakunja. Chaka chimenecho mitengo inakwera ndi maperesenti oposa 500. Mashelefu amene anakhala opanda kanthu zaka zambiri anadzaza m'masabata ochepa, koma matumba a anthu ndiwo anaphwa. Makampani a boma analipo oposa 8,000, ndipo m'dziko limene ulova sunkawerengedwa n'komwe, pofika 1993 anthu 16 mwa 100 alionse analibe ntchito. Mmodzi mwa alangizi akunja anali Jeffrey Sachs, yemwe uja anadzafika kwathu pambuyo pake ndi ntchito ya Millennium Villages ku Mwandama, ku Zomba.

Takwera sitima kupita ku Ursus, kumadzulo kwa mzinda. Apa panali fakitale imene cha m'ma 1980 inkatulutsa mathalakitala pafupifupi 60,000 pachaka. Mu Juni 1976, boma litakweza mitengo ya zakudya, antchito a pano anatuluka n'kukamasula njanji ya sitima. Boma linabweza mitengoyo usiku womwewo, kenako linayamba kumanga anthu. Fakitaleyo inalowa m'nyengo yatsopano itasenza kale ngongole za mathalakitala a Massey Ferguson amene boma linagulira chilolezo chowapangira, ndipo alimi nawo analibe chogulira. Inadwala nthawi yaitali. Dzina linapita kwa eni ena, ntchito inasamukira ku Lublin, anayesa misika ya ku Ethiopia ndi Tanzania, mpaka mu 2021 khoti linalengeza kuti kampaniyo yagwa. Pamalopo lero ndapeza nyumba zatsopano zosanja, amayi akukankha tingolo ta ana, ndi apa ndi apo kanyumba kakale ka njerwa kooneka ngati kasochera.

Si onse anafa. Ndagulira mayi chokoleti cha Wedel, ndipo mbiri yake ndi yosiyana. Boma linalanda fakitaleyo mu 1949 n'kuitcha "22 Lipca", kutanthauza 22 Julaye, tsiku la chikondwerero cha boma la chikomyunizimu, koma dzina la Wedel silinayerekeze kulifufutiratu chifukwa ndi limene ogula ankalidziwa. Mu 1991 inatengedwa ndi PepsiCo, mu 1999 Cadbury, mu 2010 Lotte, ndipo ikupangabe chokoleti ku Praga, tsidya lina la mtsinje wa Vistula. Namwali wokongola sasowa womufunsira.

Chimene chandiseketsa ndekha lero ndi mbiri ya maofesi. Ena anangotha, monga ofesi yofufuza mabuku ndi manyuzipepala asanasindikizidwe, imene inali mumsewu wa Mysia ndipo inatsekedwa mu 1990. Ena anasintha dzina ndi yunifolomu: apolisi a Milicja anasanduka Policja. Koma tamvani za unduna wogulitsa makampani. Unakhazikitsidwa mu 1990, ntchito yake kugulitsa mpaka katundu athe. Mu 1996 unasanduka unduna wa chuma cha boma. Mu 2017 anauthetsa. Mu 2019 unadzukanso, tsopano ngati unduna woyang'anira katundu wa boma. Ofesi imene inabadwira kugulitsa inakulira kusunga. Ndipo chosunga chilipo: njanji, ndege za LOT, positi, gawo lalikulu m'banki ya PKO BP, m'migodi ya kopa ya KGHM, ndi pafupifupi theka la Orlen, kampani ya mafuta imene mu 2022 inameza makampani anzake a Lotos ndi PGNiG. Mkulu wa Orlen kuyambira 2018 anali Daniel Obajtek, amene kale anali mtsogoleri wa kadera kakumudzi ka Pcim. Boma litasintha kumapeto kwa 2023, sanathe miyezi iwiri pampando. Izi sindinafune womasulira, ndazimva ngati zolembedwa m'Chichewa.

Lachitatu, Łódź

Dzina la mzindawu amalitchula ngati "Wuch". Ndakhala ndikulipha chaka chonse pafoni, mnyamatayu osandiuza.

Uwu unali mzinda wa nsalu. Mafakitale a thonje anamangidwa m'zaka za m'ma 1800 ndi anthu ngati Karol Scheibler ndi Izrael Poznański, boma la chikomyunizimu linawalanda nkhondo itatha, ndipo nsalu zambiri zinkapita ku Soviet Union. Msika umenewo utagwa mu 1991, nsalu zotchipa za ku Asia n'kulowa, mafakitale anayamba kuzima mmodzimmodzi ngati nyali zotha palafini. Anthu mumzindawu anali pafupifupi 850,000 kumapeto kwa m'ma 1980. Lero ali cha m'ma 650,000.

Fakitale ya Poznański tsopano ndi Manufaktura, imene inatsegulidwa mu 2006. Njerwa zofiira anazitsuka mpaka kuwala. Mkati muli masitolo, kanema, malo odyera, ndipo nyumba yopotera ulusi inasanduka hotela. Kukongola kokha sindikana. M'kanyumba kosungira mbiri anayatsa makina akale oombera nsalu kwa mphindi zochepa, ndipo phokoso lake linandilowa mpaka m'mano. Amenewo anali makina awiri kapena atatu. M'holo imodzi munkakhala mazanamazana.

Madzulo ndinamvetsa bwino. Mayi a nyumba imene mnyamatayu amachita lendi ndi agogo aakazi a zaka zoposa 70, ndipo anaomba nsalu m'fakitale yomweyi. Khutu limodzi silimva. Akamamvetsera amayang'ana pakamwa pako, luso limene anaphunzira pakati pa makina. Anandithirira tiyi m'tambula yagalasi, wa ndimu wopanda mkaka, ndipo mnyamatayu ankamasulira. Iye amawaitana "Pani", kutanthauza mayi, ine ndinkangoti agogo.

Ndinawafunsa za malipiro, monga munthu wa masamu. Iwo sanayankhe zimenezo. Anayamba kuwerenga pa zala: mwana ankamusiya ku mkaka phala wa fakitale akamalowa shifiti ya m'mawa, dokotala anali wa fakitale, nyumba anaipeza kudzera ku fakitale, tchuthi cha kunyanja chinali cha fakitale, ngakhale mbatata za nyengo yozizira zinkabwera pa lole ya fakitale. Kenako anatembenuza dzanja n'kuyamba zala zina: kutuluka shifiti ya usiku n'kukaima pamzere wa nyama maola atatu, miyendo yotupa, fumbi la thonje pachifuwa, kapitawo wa chipani. Akuti amayi a ku Łódź ndi amene ananyanyala ntchito mu Febuluwale 1971 mpaka boma linabweza mitengo ya zakudya, zimene amuna a m'madoko sanazikwanitse miyezi iwiri m'mbuyo mwake ngakhale anakhetsa magazi. Ponena zimenezi anawongola msana.

"Nanga pogulitsa, munapatsidwa chiyani, agogo?"

Anaseka mpaka kutsokomola. Mu 1995 boma linasonkhanitsa makampani 512 m'mabungwe 15 osungitsa ndalama, ndipo munthu wamkulu aliyense ankatha kugula chikalata cha umwini pa 20 złoty. Anthu pafupifupi 26 miliyoni anatenga. Agogowa anatenga chawo, anachigulitsa pasanathe mwezi, n'kugula nsapato za chisanu. "Ndinali mwini wa mafakitale masabata atatu," anatero. Lamulo linkapatsanso antchito mpaka 15 peresenti ya masheya a kampani yawo ulere. Amene anali m'migodi ya kopa kapena ku matelefoni anaphulapo kanthu. Koma 15 peresenti ya ziro, ngakhale muwerengere kangati, ndi ziro.

Mdzukulu wawo amagwira ntchito ya makompyuta ku kampani yakunja mumzinda womwewu ndipo amalandira ndalama zimene iwo sanazilotepo. Amanyadira. Chithunzi chake chili pa firiji, pambali pa cha Papa John Paul II.

Lachinayi, m'sitima

Lero ndadzichititsa manyazi. Ndinati ndigule ndekha matikiti kuti mnyamatayu aone kuti amalume ake si mbuli. Ndinagula, tinakwera, kondakitala anayang'ana n'kupukusa mutu: tikiti ndi ya kampani ina, sitima ndi ya kampani ina, ngakhale njanji ndi pulatifomu ndi zomwezo. Ndinalipira kachiwiri. Mnyamatayu anayang'ana pawindo ulendo wonse, mapewa akugwedezeka.

Kale kunali kampani imodzi ya sitima, PKP, boma m'kati mwa boma. Mu 2001 anaiduladula: wina njanji, wina katundu, wina sitima za mtunda wautali, wina za m'madera, ndipo izi zomalizazi mu 2008 anazipereka ku maboma a zigawo. Zigawozo nazo ndi zatsopano, chifukwa mu 1999 anazichepetsa kuchoka pa 49 kufika pa 16. Sitima tinakwerayo ndi yoyera, yothamanga, yofunda. Koma pawindo ndinaona masiteshoni ang'onoang'ono okhomedwa matabwa, mitengo itamera padenga.

Lachisanu, Gdańsk

Ndaima pa geti nambala 2 la fakitale ya sitima zapamadzi imene kale inkatchedwa dzina la Lenin, mtsogoleri woyamba wa Soviet Union. Pagetipo pamakhala maluwa. Patsogolo pake pali mitanda itatu yachitsulo, yotalika mamita 42, anangula atapachikidwapo, yokumbukira antchito amene asilikali ndi apolisi anawawombera mu Disembala 1970.

Nkhani yake ambiri mumaidziwa pang'ono. Pa 14 Ogasiti 1980 antchito ananyanyala chifukwa mayi woyendetsa kireni, Anna Walentynowicz, anachotsedwa ntchito atatsala miyezi yochepa kuti apume. Katswiri wa magetsi amene anachotsedwa kale, Lech Wałęsa, analowa n'kuwatsogolera. Madandaulo 21 anawalemba pa matabwa awiri n'kuwapachika pageti. Pa 31 Ogasiti boma linasaina, ndipo bungwe la antchito la Solidarność linakula mpaka mamembala pafupifupi 10 miliyoni. Matabwa aja ndawaona ndi maso anga m'nyumba yosungira mbiri ya European Solidarity Centre, imene inatsegulidwa mu 2014 ndipo makoma ake ndi a chitsulo cha dzimbiri ngati mimba ya sitima. Ndawerenga madandaulowo limodzilimodzi pa chomasulira. Ufulu wa mabungwe a antchito, ufulu wonyanyala, ufulu wolankhula, malipiro, nyama, malo osungirako ana, kufupikitsa nthawi yodikira nyumba. Loti fakitale igulitsidwe mulibemo.

Zotsatira zake ndi izi. Mu 1980 pano pankagwira ntchito anthu pafupifupi 17,000. Mu 1988 boma la chikomyunizimu lomwelo linalengeza kuti fakitaleyo itsekedwa, ena n'kumati ndi kubwezera. Inapulumuka, Wałęsa n'kukhala pulezidenti mu 1990, koma mu 1996 inagwa ndi ngongole. Mu 1998 inagulidwa ndi fakitale inzake ya ku Gdynia, mu 2007 inapita kwa amalonda a ku Ukraine a ISD, ndipo mu 2018 boma linaitenganso kudzera m'bungwe lake la ARP. Yazungulira dziko lonse n'kubwerera pakhomo, itaonda. Tsopano imadziwika kwambiri ndi kupanga nsanja za makina opangira magetsi a mphepo. Anzake a ku Gdynia ndi Szczecin anatsekedwa mu 2009, European Commission, nthambi yoyendetsa ntchito za European Union, itagamula kuti ndalama zimene boma linkawathira zinali zosemphana ndi malamulo. Koma tsidya la ngalande kuli Remontowa, yokonza sitima, imene inagulitsidwa ndipo ikugwira ntchito usana ndi usiku. Ndiye amene akufuna kunena kuti kugulitsa kumapha, kapena kuti kumachiritsa, pano apeza umboni wake, aliyense.

Pabenchi ndinakhala moyandikana ndi bambo wachikulire wa manja okhala ndi zipsera za moto. Anali wowotcherera zitsulo pano. Ndinamuuza mnyamatayu amumasulire mwambi wathu, walira mvula walira matope. Bamboyo anaganiza kaye, kenako anakana. Akuti matope analipo kale, mvula isanagwe. Fakitale itagwa anapita ku Norway, anawotcherera sitima kumeneko zaka zambiri, anabwerako ndi mawondo owawa ndi nyumba yakeyake. Kale pasipoti inkasungidwa ku ofesi ya apolisi, unkachita kuipempha. Za kale sazifuna. Koma m'nyumba yosungira mbiriyo sanalowemo. "Ndigule tikiti kuti ndikaone chisoti changa?"

Usiku achinyamata amavina m'mashedi akale a fakitale, makireni atawayatsira nyali zamitundumitundu. Mnyamatayu wapita. Ine ndagona.

Loweruka, kumudzi cha ku Słupsk

Ili ndi tsiku limene linandibweretsa kuno, ngakhale sindinkadziwa.

Mnzake wa mnyamatayu wa kusukulu anatitenga pa galimoto kupita kwawo. Basi kulibe. Kampani ya mabasi ya boma, PKS, anaigawa tizidutswatizidutswa kuchiyambi kwa m'ma 1990, ndipo tambiri tinafa. Pamsewu pali kanyumba kodikirira basi, koma pamene pankakhala ndandanda ya nthawi pangotsala misomali.

Mudzi wake si mudzi monga tikuudziwira. Pakati pa minda yosaoneka malire pangoima nyumba zinayi zosanja kawiri, zotuwa, ngati wina anazitola m'tauni n'kuziiwala pamenepo. Kumbuyo kuli makola aatali a ng'ombe, madenga atagwera mkati. Iyi inali PGR, famu ya boma. Ku Poland alimi ambiri anakana kulandidwa minda, moti pafupifupi magawo atatu mwa anayi a nthaka anakhalabe m'manja mwa eni ake nthawi yonse ya chikomyunizimu. Mafamu a boma anachuluka kuno kumpoto ndi kumadzulo, m'madera amene anali a Germany nkhondo isanathe, kumene anthu anachita kubweretsedwa kuchokera kwina. Lamulo la mu Okutobala 1991 linawathetsa onse, oposa 1,600, ndipo mahekitala pafupifupi 3.7 miliyoni anapita ku bungwe latsopano loti libwereketse ndi kugulitsa. Bungwelo lasintha dzina kawiri, mu 2003 ndi mu 2017, ndipo lilipobe.

Agogo aamuna a mnzakeyo anali oyendetsa thalakitala. Anatilandira ndi supu wa nkhaka zowawasa ndi kachasu wawo wa maula, amene ndinangolawa mwaulemu. Akuti pa famu ankalandira malipiro ochepa, koma mkaka unali wa tsiku ndi tsiku, mbatata, kadimba kuseri, nkhumba yako m'khola, basi ya ana asukulu, kanema Loweruka. Nawonso sanabise: mafuta a thalakitala ankatuluka usiku, feteleza ankathera m'madimba a anthu, ndipo famu ikaluza boma linkangolemba cheke. Tsiku lina kunabwera anthu a mapepala. Ng'ombe zinakwezedwa m'malole, mathalakitala anagulitsidwa pa okushoni, nthaka inabwerekedwa kwa munthu mmodzi. Antchito anawagulitsa nyumba zimene ankakhalamo pamtengo wotsika, ndipo poyamba anaona ngati mwayi. Kenako anazindikira kuti nyumba imene palibe angaigule, pamalo opanda ntchito ndi basi, ndi chingwe cha m'khosi. Ogwira ntchito m'migodi ya malasha, amene ankatha kupita ku Warsaw ndi mapiki awo okumbira n'kugwedeza mawindo a nduna, anapatsidwa ndalama zambiri zotsanzikira mu 1998. A m'mafamu anali omwazikana, opanda bungwe lamphamvu, ndipo m'tauni ankawanena kuti ndi alesi ndi zidakwa.

Apa ndi pamene ndinakumbukira maliro akwathu. Munthu akamwalira, achibale amafika msanga: uyu watenga njinga, uyo makina osokera, winayo malata. Katundu yense amapeza mwini dzuwa lisanalowe. Ikafika nkhani ya ana, aliyense amayang'ana pansi. Kampani ya boma sinali malo antchito chabe, inali kholo, loipa nthawi zambiri, lakuba, loledzera, koma kholo. M'mabuku a ogulitsa munalembedwa nthaka, makina ndi ngongole. Basi ya ana asukulu, dokotala wa Lachiwiri ndi mkaka wa m'mawa zinalibe mzere wake. Mabuku otere ndawalembapo ine, ndikudziwa mmene mzere umasowera.

Minda yokha ikubereka kuposa kale. Tinaona chimakina chimodzi chikukolola chimanga, munthu mmodzi m'katimo, pamalo pamene pankagwira anthu mazana. Ana a m'nyumba zosanjazi anapita ku Britain, Ireland ndi Germany dziko litalowa mu European Union pa 1 Meyi 2004. Mawindo atsopano apulasitiki amakuuza nyumba imene ili ndi mwana kunja, monga malata atsopano kwathu amakuuzira za amene ali ku Joni.

Potsanzika agogowo ananditengera kushedi. Muli thalakitala ya Ursus C-330, yaing'ono, penti itasuluka, imene anagula pa okushoni ija ndi ndalama zobwereka. Anailiza kamodzi kokha, inayankha. Anandiyang'ana ngati wapambana mlandu.

Lamulungu, m'sitima

Maola oposa asanu kuchoka kunyanja kupita ku Kraków. Tikiti wagula ndi mnyamatayu. Ndagona kwambiri. Masitolo akuluakulu Lamulungu satsegula, lamulo la mu 2018 limene Solidarność yomwe ija inalimenyera.

Lolemba, Nowa Huta

Alendo onse ku Kraków amathamangira kumsika wakale. Ife takwera tram, kasitima koyenda m'misewu ya mumzinda, kulowera kum'mawa, ku mzinda umene boma linayamba kumanga mu 1949 kuti ukhale wa antchito a fakitale ya zitsulo. Misewu ndi yotakata, yowongoka, yochokera pabwalo limodzi ngati zala. Bwalolo tsopano limatchedwa dzina la Ronald Reagan, pulezidenti wakale wa America. Chifanizo cha Lenin anachichotsa mu Disembala 1989, ndipo chinagulidwa ndi munthu wamalonda wa ku Sweden amene anakachiika m'paki ya zosangalatsa. Mzinda umene anaukonza kuti usakhale ndi tchalitchi uli ndi Arka Pana, limene anthu anamanga ndi manja awo ndipo Karol Wojtyła analidalitsa mu 1977, asanakhale Papa John Paul II.

Fakitaleyo inayamba ntchito mu 1954, ndipo m'ma 1970 inali ndi antchito pafupifupi 40,000. Mu 1990 anachotsa dzina la Lenin n'kuika la Tadeusz Sendzimir, katswiri wa zitsulo. Mu 2004 inagulidwa ndi kampani ya Lakshmi Mittal, imene lero ndi ArcelorMittal. Ng'anjo yaikulu anaizimitsa mu Novembala 2019, ndipo chaka chotsatira analengeza kuti siidzayakanso. Zigawo zopsinja zitsulo zikugwirabe, ndi anthu ochepa. Tram yathu inafika pageti ili ndi anthu asanu.

Koma Nowa Huta si mudzi wa Loweruka uja. Mitengo yakula, mpweya ndi wabwino kuposa kale, mabanja achichepere akulimbirana nyumba zakalezi chifukwa makoma ndi okhuthala ndipo paki ili pakhomo. Ntchito itatha pageti ili, tram yomweyo inatembenuka n'kuwapititsa anthu ku Kraków. Kusiyana kwake ndi kumeneko: kuno kunali kokwera.

Ndakhala pabenchi ndi kabuku kanga n'kuyesa kuwerengera mwachilungamo. Chuma cha Poland chinakula chaka chilichonse kuyambira 1992 mpaka 2019. Ulova umene unafika 20 peresenti cha m'ma 2003 lero uli m'gulu la wotsikitsitsa mu European Union, mpaka akulemba ntchito anthu ochokera ku Ukraine, ku Asia, ngakhale ana athu. Wodwala anachira, palibe kukana. Koma mankhwala sanamwe okha. Mu 1991 mayiko obwereketsa ndalama a Paris Club anawakhululukira theka la ngongole, pamene ife tinadikira mpaka 2006. Kuseri kwa mpanda ali ndi Germany, msika wa anthu oposa 80 miliyoni. Kuyambira 2004 ndalama za European Union zamanga misewu ndi njanji. Amene anatiuza kuti mugulitse, muone mmene achitira anzanu, mbali imeneyi ankaitchula motsitsa mawu.

Mnyamatayu wandifunsa ngati ndapeza chimene ndinkafuna. Ndamuuza kuti agule khofi.

Madzulo ndaimbira mayi pa WhatsApp kuwauza kuti ndikubwera Lachinayi ndi chokoleti. Ndawafunsa ngati zinthu za bambo za kuntchito zilipo. Akuti ovolosi ilipo m'thiranki, dzina la kampani lidakali pathumba, ndi sipanala ziwiri zimene sanabweze. "Ukuzifuna zachiyani?" Ndati ndingoziona. Akuti chabwino, koma chokoleticho chisadye ndalama za feteleza, mvula yayandikira.